Msoko wa pa Chifuwa cha Saroja

Mvula inkawaza kuyambira m'mawa, ya ku Chatsworth, dera la amwenye lija, yosanyowetsa nthaka koma yongomatitsa malaya pamsana. Bambo Padayachee anakhala pakhonde la kuseri, pamene panalibe munthu. M'nyumba munadzaza achibale, koma kukhitchini kunali zii. Pamwambo wawo pamaliro sakoleza moto, tiyi ankachokera kwa anansi m'mafulasiki.

Mwana wawo wamwamuna, Kesavan, anatuluka foni ili m'manja.

"Appa, kowotchera mitembo kuja akana."

Bamboyo anangoyang'ana mtengo wa mango.

"Akuti ndi kamakina ka mumtima mwa Amma kaja. Kali ndi batire, ndiye pamoto kakhoza kuphulika. Kachotsedwe kaye."

"Si ankati kalibe mawaya?" anafunsa Thilo, mlongo wake wa Kesavan, ataima pakhomo.

"Vuto lake ndi lomwelo. Akale aja amakhala pansi pa khungu, amangocheka pang'ono n'kusolola. Aka kali m'kati mwa mtima mwenimweni. Wosunga mitembo wapapasa chifuwa chonse, sanapeze kanthu. Pafunika dokotala adzatsegule."

"Atsegule chiyani?"

"Chifuwa, Thilo. Ndi mtima womwe."

"Ayi," anatero bambo Padayachee. Anali mawu awo oyamba chimwalirireni mkazi wawo, mayi Saroja, dzulo lake masana.

Kamakinako mayi Saroja anakasankha okha, mtima wawo utayamba kudumphadumpha. Kanali kakang'ono ngati kapisozi wa mankhwala, ndipo madokotala anakalowetsa kudzera mu mtsempha wa pantchafu. Mayiyo anabwerako akudzitama kwa aliyense wa mumsewu wawo kuti pachifuwa pawo sipanadutse mpeni.

"Ndiye tiwaike m'manda basi," anatero Thilo. "Mabanja ena amatero."

"Amma athu omwewa? Amene pa chikondwerero cha Diwali chilichonse ankatikumbutsa kuti phulusa lawo likathiridwe kunyanja kumene tinathira la agogo? Ukawauze wekha."

"Iwe ukungoganiza za ndege yako yobwerera ku Joni."

"Nanga wansembe azidikira mpaka iwe utsirize kulira?"

Onse awiri anatembenukira kwa bambo awo. Bamboyo anadzuka, nadutsa pakati pa anthu amene anakhala pamphasa m'chipinda chochezera. Ena anawagwira dzanja. Iwo sanaime.

Kuchipinda chogona anapeza mlamu wawo, Muniamma, mng'ono wake wa malemuyo, akuyala pabedi sari yofiira, nsalu yaitali yovala akazi. Mkazi akatsogola mwamuna wake ali moyo, amapita atavala ngati mkwatibwi. Amayi anzake amamusambitsa, n'kumudzoza manjano, ufa wachikasu uja, n'kumuika maluwa m'tsitsi.

"Ndamva zonse, alamu. Musandiyang'ane choncho, makoma a nyumba ino ndi a pepala."

Bambo Padayachee anatseka chitseko.

"Moto ndi umene ankaufuna, inunso mukudziwa. Nanga mukukaniranji?"

"Ankaopa mpeni."

Muniamma anaseka pang'ono, kenaka anapukuta maso ndi nsonga ya sari yake.

"Saroja? Munthu wodula nkhuku khosi akuimba? Zaka zonsezi mwakhala naye, inu ndi kukamwa kwanu kotsekako, simunamufunseko? Mpeni sankauopa. Ankaopa osoka ake. Tinali awiri posambitsa amayi athu atamwalira kuchipatala. Anawasoka ngati thumba la anyezi. Saroja sanadye sabata yonse. Munthu amene wasoka makolala a malaya kufakitale moyo wake wonse, wosalola msoko wokhota kudutsa m'manja mwake. Anandiuza kuti, ine mng'ono wanga usadzandione choncho."

"Ine sanandiuze."

"Akanakuuzani, mukanayankha?"

Bamboyo anakhala pabedi, mbali yawo, kutali ndi sari ija. Kunja wina anayamba nyimbo ya maliro, ena n'kulandira. Anaganiza za madzulo ambirimbiri amene mkazi wawo ankalankhula iwo akuwerenga nyuzipepala. Sanathe kukumbukira kuti ankanena chiyani. Ankangokumbukira kuti m'nyumba munkamveka mawu.

"Mawa ndife tikamusambitse," anatero Muniamma motsitsa. "Sankhani, alamu. Dothi limene sankalifuna, kapena msoko."

Pansi pa windo panali makina osokera a malemuyo, ovundikira ndi nsalu. Bambo Padayachee anakoka dirowa yake. Ulusi unali utandandalikidwa bwino, woyera kumanzere, wakuda kumanja. Anasankha wofiira, nauyerekeza ndi sari, n'kuubweza. Anatenga wina wofiira kwambiri. Uwo unagwirizana.

Ana aja anali adakali pakhonde.

"Muimbire dokotalayo," anatero bamboyo. "Ndipita nawo."

"Appa, achibale salowa mmene muja."

"Ndikaima pakhomo."

Kesavan anaona ulusi uja. "Madokotala ali ndi wawo, Appa. Sangalole."

"Zam'kati asoke ndi wawo. Khungu asoke ndi uwu."

"Nanga akakana?"

"Ndikaimabe."

Thilo anafuna kunena kanthu, koma bamboyo anapinda kolala ya malaya amene anavala, osokedwa ndi mkazi wawo, naonetsa kuseri kwake. Msokowo unali wowongoka, timfundo take tating'onoting'ono, tofanana tonse.

"Ndikamuonetsa uwu," anatero.

Anavala nsapato, naika ulusiwo m'thumba la pachifuwa, n'kukakhala m'galimoto ya Kesavan kudikira.