Maiki Yopanda Chingwe

Mlongo wanga tinamutcha Wayilesi akadali wamng'ono, chifukwa ankayimba kuyambira kubafa mpaka pogona, ndipo batani lomuzimitsira sitinalipeze. Bambo athu ndi mwazini, ndiwo amaitana anthu ku swala pamzikiti wa mumsewu mwathu. Mawu okomawo Wayilesi anatengera kwa iwo, koma iye anapita nawo kubandi.

Bandi yakeyo inali yozunguza mutu. Wa kiyibodi anali mwana wa abusa a tchalitchi choyang'anizana ndi mzikiti, mtsikana wolamula moti anzake ankamutcha Kapitawo. Wang'oma anali wa Sabata. Wagitala anali ndi madiredi, ndipo ukamufunsa za mpingo ankangoloza kumwamba. Lachisanu masana Wayilesi kulibe, Loweruka wang'oma kulibe, Lamulungu Kapitawo kulibe. Anakangana mpaka kupsetsana mtima pa dzina loti azitchula m'nyimbo zawo, kenako anagwirizana kuti aziti Mwini Mpweya, poti aliyense wa iwo amapuma.

Bambo atamva za bandiyo sanakweze mawu. Chifuwa chinali chitawagwira kale, ndipo azana yawo, kuitana anthu ku swala kuja, inkaduka pakati. Kangapo konse anapempha Wayilesi kuti aziwalandira, iye n'kumazemba.

"Pamzikiti ukuti uli ndi manyazi," anatero bambo. "Koma kwa ana a kutchalitchi kukamwa yasa! Ndikadzangomvanso, ukwera basi kupita kwa amalume ako ukamate matayala."

Amalume amakhala kutali kwambiri, ndipo kwawo munthu saloledwa ngakhale kuimba likhweru. Ine ndine telala, shopu yanga ili pafupi ndi mzikiti. Mlongo wanga ndimamukonda, ngakhale amandidyera sopo ndi mayunitsi. Choncho ndinauza bambo kuti masana amandithandiza kusita zovala za makasitomala, pamene iye ali m'chipinda chosungiramo mabenchi kuseli kwa tchalitchi.

Zonse zinaonongeka chifukwa cha nsanje ya abusa. Komiti ya mzikiti inagulira bambo maiki yopanda chingwe, popeza yakale inkawagwira shoko pamlomo. Wodzalumikiza anati, "Bokosi ili musalikhudze." Bambo anatenga mawuwo ngati lamulo lochokera kumwamba, moti bokosilo linkakhala choyaka usana ndi usiku. Abusa atamva mmene chimkuzamawu cha pamzikiti chikumvekera bwino, anapita kusitolo yomweyo.

"Ndipatseni yomweyo," anatero. "Yofanana ndendende."

Anawapatsadi yofanana ndendende. Palibe anawauza kuti maiki yotere siisankha chipembedzo, imangolankhula ndi bokosi lililonse la mtundu wake lomwe lili pafupi. Kapitawo anaitenga kuti akaiyese kubandi.

Masana amenewo ndinali kuyeza mayi wina m'chiuno. Chimkuzamawu cha pamzikiti chinatsokomola, kenako chinati, "Wani, thuu. Wani, thuu."

Mayiyo anandiyang'ana. "A mwazini ayamba sukulu ya kwacha?"

Ndisanayankhe, ng'oma inalowa, gitala n'kutsatira, ndipo pamwamba pa mzikiti panatuluka mawu omwe ndingawadziwe ngakhale ndili m'tulo. Mlongo wanga anali kuimbira msewu wonse za Mwini Mpweya amene sawerenga zipewa kapena mipango. Ometa anaima lezala m'mwamba. Wanjinga wina anacheuka mpaka anakalowa m'ngalande.

Ndinamuimbira foni, koma wopusayo anali ataitseka. Ndinathamanga tepi ili m'khosi, ndinapeza geti la tchalitchi lokhoma, ndiye ndinayenera kuzungulira mpanda wonse. Ndikuthamanga choncho, chimkuzamawu chinali kundiuza zonse zochitika m'chipindamo.

"Imani, imani!" Anali Kapitawo. "Iwe Wayilesi, nthawi waiona? Swala ya Asiri yayandikira."

"Timalize kaye kolasi."

"Palibe kolasi. Madzi otawazira ndakuikira m'ndowa, mkeka wako uli kuseli kwa mabenchi. Sindifuna bambo ako adzanene kuti ana a abusa akukujombetsa swala."

"Mvera, m'bale wanga," anatero wang'oma. "Ine Lachisanu dzuwa likamalowa iyeyu amandilanda ndodo ndili pakati pa nyimbo."

Pakhonde la mzikiti amuna omwe ankavula nsapato anaima, nsapato ili m'manja. Ndinaona bambo ataima pakhomo. Pulagi ya bokosi lija inali pafupi ndi phazi lawo, akanatha kungoizula. Sanaizule.

"Koma bambo ako achedwa lero," anatero Kapitawo. "Bwanji osangowalandira? Mawu uli nawo."

Ndinapemphera kuti batire lithe. Silinathe.

"Anthu amati ndi manyazi," anatero Wayilesi. "Si manyazi ayi. Ndikamawamva akutsokomola pakati pa azana, ndimawamvera chisoni. Koma ndikakaima pamene amaima iwo, ndiye kuti ndavomereza kuti bambo anga atha. Zimenezo sindingathe."

Ndinakankha chitseko cha chipindacho mphuno zikutuluka utsi.

"Chitsiru iwe, zimitsa chinthucho! Dziko lonse likukumva! Ukufuna bambo adziwe kuti zosita zija ndakhala ndikuwanamiza?"

Mawu anga anabwerera kuchokera kutsidya kwa msewu, aakulu bwino, omveka ngati a pa nkhani za madzulo. Kunja anthu anafa nacho chikhakhali. Wagitala analoza kumwamba, ndipo ulendo uno ankatanthauza denga la mzikiti.

Wayilesi anayang'ana maiki m'dzanja lake ngati wagwira njoka. Asanapeze batani, geti linalira. Analowa abusa, makiyi ali m'manja, thukuta kamukamu. Pambuyo pawo panali bambo, atagwira maiki yawo ya pamzikiti. Pambuyo pa bambo panali theka la msewu, kuphatikizapo mayi uja ndinamusiya ndi mapini m'chiuno.

"A mwazini, pepani kwambiri," anayamba abusa. "Chinthuchi ndinagula ndine. Ndibweza lero lomwe."

Bambo anawalambalala n'kulowa mkati. Anayang'ana ndowa ya madzi, anayang'ana mkeka wopindidwa bwino pamwamba pa benchi yothyoka mwendo. Kenako anayang'ana mwana wawo. Ine m'mutu mwanga ndinali nditayamba kale kumulongedzera chikwama cha kwa amalume, ndipo mtima unkandiwawa.

Bambo anatsegula pakamwa, chifuwa n'kuwatsekereza. Anatsokomola mpaka abusa anawagwira paphewa.

"Nthawi ikutha," anatero atapeza mpweya. "Tawaza, uitane."

"Ine, bambo? Muno?"

"Nanga mawu ako akutulukira kuti? Si pamzikiti?"

Wayilesi anayang'ana abusa. Abusa anakanda m'mutu, nayang'ana akuluakulu awiri a mpingo omwe anali pakhomo, nkhope zili gwa.

"Muno timasungiramo mabenchi othyoka," anatero abusa. "Sindikuganiza kuti Mulungu adabwa."

Mlongo wanga anatawaza mwachangu, madzi n'kumatayikira pa nsapato za wang'oma. Atamaliza anazungulirazungulira, mantha atamusokoneza mutu, osadziwanso koyang'ana poitana.

"Kibula, mbali ya ku Maka, ndi uku, iwe," anatero Kapitawo, akumutembenuza ndi mapewa kuloza pakona pomwe panali tsache. "Tsiku lililonse ndizikuuza?"

Bambo anamuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali.

Kenako Wayilesi anaika dzanja kukhutu naitana. Ndamumva akuimba moyo wanga wonse, mpaka kutopa naye, koma chotere ndinali ndisanamve. Mawu anatuluka m'chipinda cha mabenchi, anawoloka msewu popanda chingwe, n'kukagwa pa madenga onse kuchokera pamwamba pa mzikiti. Sanaduke pakati. Wang'oma anakumbatira ndodo zake pachifuwa kuti zisagunde kanthu. Bambo anatseka maso, milomo ikuyankha pang'onopang'ono, misozi ikulowa m'ndevu. Ine ndinalira poyera, n'kupukuta mamina ndi nsalu ya kasitomala.

Atamaliza, amuna a kumzikiti anayamba kutuluka mwachangu. Wayilesi anazimitsa maiki ija, tsopano batani atalipeza, naima mutu uli pansi.

"Bambo, za basi ija..."

"Basi iti? Ukapita kukamata matayala, m'bandakucha aitane ndani? Ine ndatha, wanena wekha pa chimkuzamawu."

"Sindinatero, bambo!"

"Sindinathe. Ndatopa chabe." Anamuika m'manja maiki yawo ya pamzikiti, n'kumupinda zala kuti aigwire bwino. Kenako anatembenukira kwa Kapitawo. "Mwana wanga, foni uli nayo? Uzimuimbira m'mamawa. Ine ndamudzutsa kuyambira ali mwana, sandimva. Iwe akukumva."

"Ndizimuimbira, bambo."

"Ndipo wang'omayo amathamanga. Umuuze."

"Ndimamuuza, bambo."

Abusa anafunsa ngati abweze maiki yawo kusitolo. Bambo anati asinthitse ndithu lisanafike Lamulungu, chifukwa ulaliki wa abusa ndi wautali ndipo chimkuzamawu cha pamzikiti sichinazolowere. Abusa anaseka mpaka makiyi anagwa.

Potuluka bambo anaima pafupi nane.

"Iwe wa zosita, tikakambirana kunyumba."

Ndinawatsatira pambuyo powoloka msewu. Wayilesi anali patsogolo, akuthamangira ku swala, maiki ataigwira ndi manja awiri. Bambo ankayenda pang'onopang'ono, ndipo manja awo opanda kanthu ankasowa pokhala, mpaka anawapinda kumbuyo. Tili pakati pa msewu ndinamva akung'ung'udza kolasi ija ya Mwini Mpweya, bwinobwino osaphonya. Atazindikira kuti ndikumva, anaisandutsa chifuwa.