Damu Likuchucha

"Likuchucha apa," anatero mng'ono wa m'banjamo, akuloza ndi nsonga ya nsapato pomwe dothi la khoma la damu linali litada ndi chinyezi.

Mlongo wake wamkulu sanayang'aneko n'komwe. Panali patangopita masiku anayi chiikireni bambo awo m'manda, koma kutsidya kwa dziwe anthu anali atayala kale mphasa, wailesi ikulira. Ena ankapalasa timaboti tiwiri tomwe malemuwo ankatipaka penti chaka ndi chaka.

"Ndiye ukufuna nditani? Ndigwire wilibala?"

"Achemwali, mmodzi wa ife ayenera kutsala. Mvula ikapeza khomali lili chonchi, nyumba zakumunsizi zipita ndi madzi. Amayi sangathe."

"Tsala iweyo."

"Nanga ana anga m'tauni adya chiyani?"

"Basi titsegule mpopi, madzi aphwe, malowa tigulitse." Mkaziyo anaseka, koma maso ali gwa. "Tsiku la ukwati wanga bambo anali pano, matope mpaka m'mawondo, ati khoma lang'aluka. Iwe utagonekedwa m'chipatala, anali pano. Mwana wawo weniweni ndi damu limeneli. Wakula, adzisamalire yekha."

Mayi awo anali pabenchi, pafupi ndi kanyumba kosungiramo zopalasira.

"Musakanganirane pamaso pa anthu," anatero motsitsa mawu. "Ine ndalimbana nalo zaka makumi atatu. Mkazi mnzanga ameneyu ndinamulephera."

Kenako pakhomapo panatulukira mayi wina wachilendo, thaulo paphewa, kajumbo m'manja.

"Zikomo. Madala amaboti aja sakuoneka lero?"

"Anatisiya Lachiwiri," anayankha mnyamatayo.

Mayiyo anagwira pakamwa. Anagwada pafupi ndi benchi, napepesa namfedwayo.

"Ndiwo anandiphunzitsa kusambira ndili kamtsikana. Tinalipo ambiri. Ankaima m'madzi tsiku lonse osatopa nafe."

"Munachita mwayi," anatero mwana wamkaziyo. "Ine mpaka lero sinditha. Analibe mpata."

Mlendoyo anaimirira n'kuyang'ana kajumbo kake ngati wachita nako manyazi. Munali dothi lofiira, lokwana manja awiri.

"Ndalama ankakana," anatero. "Ankati wobwera kudzasambira azibwera ndi dothi lakwawo."

Anavula nsapato, nakhuthula dothilo pakhoma, n'kuyamba kulitsendera ndi chidendene pang'onopang'ono, mpaka linafanana ndi linzake.