Mwendo wa Keziya

Achimwene anga a Aleck amapalasa kabaza pa Boma, ndipo sakhulupirira munthu aliyense wogwira sipanala. Asanapereke njinga kwa makaniko amayamba adontheza penti wofiira pa habu ndi pa pedulo, kuopa kuwasinthira ndi zakutha. Ndiye tsiku limene mwana wawo Keziya ankalowa ku fiyeta kukachitidwa opaleshoni, atathyoka mwendo pogwa mumtengo wa mango, bambo aja anamudontheza penti kuchidendene. Ine ndinaona, koma munthu ameneyu sauzidwa.

Potuluka, penti kunalibe. Achipatala anali atatsuka ndi mankhwala. Keziya anadzuka osalira n'komwe, anayang'ana bandeji, n'kunena kuti, "Ababa, mwendo uwu si wanga."

Achimwene anatsina chala chachikulu chakuphazi. Mwana anangoyasamula.

"Asisitala," anatero kwa namwino wa muwodimo, a Sheila, "bwezani mwendo wa mwana wanga."

"Bambo, mwendo ndi womwewo. Adokotala abaya jakisoni pafupi ndi mtsempha kuti ugone, mwana asamve ululu. Udzuka wokha madzulo."

"Amakaniko nawonso amatero. Amati ingopalasani, izolowera."

Anayamba kuyenda bedi ndi bedi, kuvundukula ana a eni ake kufuna chidendene chofiira. Atachisowa anati basi, mwendowo wadutsa kale pa boda, pano ukuyenda ku Chipata. Manyazi anandigwira, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Koma atakhala pansi ndinawamvetsa. Ankaopa kuti mwana wawo sadzayendanso.

Dzuwa litapendeka a Sheila anabwera ndi mankhwala akumwa. "Amwe tsopano, jakisoni asanathe mphamvu."

"Iyayi," anatero achimwene, atatchinga bedi ndi thupi lonse. "Ayambe waumva kaye. Mukufuna kubisa umboni."

A Sheila anawachonderera, ine ndinawakalipira, koma zinali ngati kuthira madzi pa msana wa bakha.

Pasanapite nthawi Keziya anagwedeza chala. Kenako anakuwa mpaka wodi yonse inatembenuka.

"Wabwera!" Achimwene analumpha n'kuwomba m'manja. "Ndi wake! Waumva!"

"Ababa, ukuwawa! Ababa!"

Kuwomba m'manja kuja kunathera m'malere. Anamugwira pamutu, anamupepesa, mwana osatonthola. Ndinangoona munthu wamkulu akuthamanga m'khonde opanda nsapato, misozi ili mbwembwembwe.

"Asisitala! Chonde ugonekeninso! Ngakhale mum'patse wa eni ake uja!"