Tsiku Limene Mzere Unasowa Pakhoma

Bambo anga ndi wometa, ndipo munthu amene ntchito yake siisiya zinyalala pansi samukhulupirira. Iwo akaweruka amasesa tsitsi lodzaza chitini, umboni woti tsikulo agwira ntchito. Mwamuna wanga akaweruka amangodziwongola msana. Ndiye kuyambira tsiku limene ndinakamuonetsa kwathu, bambo akhala akumutcha "a Mabatani". Amamutcha mwaulemu ndithu, koma ndi ulemu uja woti ukaulandira umayang'ana pansi.

Ine ndi mwamuna wanga tonse timalemba mapulogalamu. Iye amalemba mbali yosaoneka, ya pa seva, kompyuta yakutali yosunga zonse, m'chinenero cha makompyuta chotchedwa PHP. Ine ndimalemba mbali imene anthu amaiona pa foni. Ntchito yake ndi kutenga zimene zasungidwa m'nkhokwe ya pulogalamu, zili bwerekete monga zimakhalira, n'kuzisanja, kuchotsa zosafunika, kenako n'kunditumizira kudzera pa khomo limene timalitcha API. Ine ndimalandira n'kuzikongoletsa. Iye ndi wophika, ine woperekera mbale patebulo, ndipo mukudziwa amene amayang'anidwa ndi diso loipa mchere ukachuluka.

Maganizo opangira bambo pulogalamu anali ake. Loweruka pamalo ometerapo pamadzaza mpaka ena kukhala pazenera, ndipo mkangano wa "ndinayamba kufika ndine" sutha. Mwamuna wanga anati anthu azilembetsa pa foni, mayina azioneka motsatana pa TV ya pakhoma, wofuna kukagula kanthu azipita osaopa kulandidwa malo. Sananene kuti akufuna apongozi ake ayambe kumuwerengera, koma ine ndimakhala naye nyumba imodzi. Ndinaona mmene anasitira shati m'mawa wa tsiku loyambalo, mpaka kolala yomwe, munthu amene misonkhano ya pa kompyuta amachita atavala kabudula wogonera.

Poyamba zonse zinayenda bwino zedi. TV imene masiku onse imaonetsa mpira inaonetsa mayina, ndipo aliyense wolowa ankaima kaye n'kudziwerenga, ena mpaka kujambula. Pampando panali mphunzitsi wina wadazi, amene amabwera kudzametetsa tsitsi lomwe kulibe chifukwa chofuna macheza.

"Zimenezi wapanga ndani?" anafunsa mphunzitsiyo.

Bambo anazimitsa makina ometera n'kuloza ndi chipeso. "Mkamwini wangayo."

Mwamuna wanga anali pa benchi ya pakona, laputopu ili pamiyendo, ndipo ndinamuona akulimbana ndi milomo yake kuti isamwetulire. Ine sananditchule, koma sindinadandaule. Ndinabadwa ndili kale mwana wawo, panalibe mayeso oti ndikhoze.

Kenako foni ya woyendetsa takisi wina, amene anali pakati pa mzere, inalira. Anali kasitomala wake akumuitana. Anadina pochotsera dzina lake n'kutuluka chothamanga. Chitseko chisanatsekeke n'komwe, mayina onse pakhoma anazimiririka, TV n'kuonetsa ndi zilembo zikuluzikulu mawu amene ndinalemba ndi manja angawa: PALIBE AMENE AKUDIKIRA.

M'chipindamo munali anthu mpaka pakhomo.

"Ndiye ife tasanduka mizukwa?" anatero wogulitsa nsapato wa pafupi pomwepo. "Chabwino, wotsatira ndinali ine."

"Inu? Si mwandipeza pano inu?" anayankha mnzake wa pazenera.

Mkangano umene tinabwera kudzauthetsa unabwerera utatenga ndi abale ake omwe. Bambo anayang'ana TV, kenako anayang'ana ine. Pa ntchito yathu yonse ankadziwapo chinthu chimodzi chokha, chimene ndinawauza ndekha tsiku lina podzitama, chakuti zonse zooneka ndi maso ndi zanga.

"Iwe, chinthu chakochi chatani?"

Ndinakankhira pambali mabotolo a mafuta pa shelefu, ndinatsegula laputopu yanga, n'kuyang'ana yankho limene seva inatumiza. Mayina onse analimo, panalibe losowa. Chimene chinasintha chinali kachizindikiro koyambirira kenikeni. Tinagwirizana kuti azinditumizira mndandanda, ndipo mndandanda umayamba ndi bulaketi ya makona. Apa panali bulaketi yopindika.

PHP ili ndi kakhalidwe kake. Aliyense wa pamzere imamupatsa nambala, ndipo ukasefa wapakati n'kumuchotsa, otsalawo siiwauza kuti asendere, mpatawo imangousiya. Pofika potumiza, ikaona kuti manambala adumpha, imati uwu si mzerenso, n'kuutumiza ngati kabati ya madirowa olembedwa manambala. Pulogalamu yanga inkadikira mzere, inalandira kabati, ndipo inanena moona mtima kuti sikuonapo munthu. Ometedwa kale sankavuta, chifukwa ankatsala m'nkhokwe momwemo manambala asanaperekedwe. Odzichotsa okha ndi amene mwamuna wanga ankawasefa pomaliza. Poyesa kunyumba tinkachotsa dzina limene tangolemba kumene, lakumapeto, ndipo wakumapeto akachoka sasiya mpata. Ifetu tinkawombera m'manja pa tebulo lodyera, kuyamikirana nzeru.

Ndinatembenuzira laputopuyo kwa mwamuna wanga, chala chili pa bulaketiyo. Anayang'ana kamodzi kokha, nkhope n'kugwa. Kenako anayang'ana bambo, amene apa n'kuti ayamba kale kundiyala pamaso pa anthu.

"Mwana uyu ndi phuma kuyambira ali wamng'ono. Ankavala nsapato kenako n'kumafunsa kuti masokosi alowa bwanji."

Anthu anaseka, ngakhale amene ankakangana aja. Ndinawerama n'kunong'oneza mwamuna wanga, "Konzani mwakachetechete. Mlanduwu usiyeni ukhale wanga."

Sindinkamuyesa ayi. Ndinamumvera chisoni kwambiri. Mawu aja akuti "mkamwini wangayo" anawadikira kuyambira tisanakwatirane, ndipo sindinafune kuti alandidwe tsiku lomwelo chifukwa cha kabulaketi.

Anawonjezera kalamulo kamodzi, array_values, kamene kamauza otsala kuti asendere, n'kutumiza ku seva. Mayina anabwerera pakhoma, aliyense pamalo pake, ndipo wogulitsa nsapato amene ankalumbira kuti ndi wotsatira anapezeka ali kumchira kwenikweni. Nkhani ikanathera pomwepo. Koma mwamuna wanga ali ndi matenda amodzi osachiritsika: cholakwika chikalembedwa pa dzina la munthu wosalakwa, sapeza mtendere. Anaika laputopu pa benchi, anaimirira, n'kukhosomola.

"Bambo, amene ndinalakwitsa ndine. Akazi angawa mbali yawo ili bwinobwino."

"Khalani pansi, mwakonza kale," anatero bambo.

"Ayi, ndi zoona. Ndinasefa mzere koma sindinakonzenso manambala, ndiye yankho linatuluka m'maonekedwe ena."

Ndiye anayamba kufotokoza. Anajambula mabulaketi m'mwamba ndi zala, ya makona ndi dzanja ili, yopindika ndi dzanja linalo. Anaimika makasitomala atatu, n'kuchotsa wapakati kuti aonetse mpata, wapakatiyo n'kukana kuchoka poopa kuti dzina lake lisowanso pakhoma. Thukuta linanyowetsa shati yositasita ija. Mphunzitsi ankagwedeza mutu mwamphamvu, mmene amachitira munthu amene sakumva chilichonse koma ali ndi mbiri yoti ateteze.

Bambo anamvetsera mpaka kumapeto, makina ali m'manja. Atatha, anatembenukira kwa anthu.

"Mwamumva? TV ndi ya mkazi wake, ndipo tonse taona kuti yazima ndi TV. Wakonza ndi iyeyu, tonse taona. Ndiye akuima pano n'kupeka nkhani yonseyi ya mabulaketi kuti mwana wanga asachite manyazi pagulu." Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Ine amayi ake a mwanayu ndakhala nawo mpaka imvi, koma sindinawasenzerepo mlandu, ngakhale wa kapu yosweka."

"Amuna otere anatha," anavomereza wogulitsa nsapato.

"Koma bambo, sindikupeka," anatero mwamuna wanga.

"Basi, mwana wanga, basi. Tamva."

Mawu amenewo sanawanene kwa ine. Mphunzitsi atadzuka, bambo anakutumula nsalu yometera n'kumenya mpando ndi chikhatho.

"Bwerani apa, tsitsilo lakula."

"Dzina lawotu palibe pakhomapo," anadandaula wa pazenera uja.

"Pakhomapo ndi pa makasitomala," anatero bambo.

Mwamuna wanga anakhala pampandopo ngati munthu woti wagwidwa ndi katundu wa eni. Bambo anamumanga nsalu m'khosi mosamala, n'kusiya dzanja paphewa pake akusankha chipeso. Iye anandiyang'ana pagalasi, maso akundichonderera kuti ndiikire umboni choonadi. Umboniwo ndinali nawo, bulaketi yopindika inali ikadali pa laputopu yanga, ndipo ndikanatha kuwaonetsa onse.

Ndinayang'ana dzanja la bambo lili paphewa paja.

"Pepani, bambo," ndinatero. "Ulendo wina ndidzasamala."