Mawu a Steward pa Maliro a Mlongo Wake

Ennie Nyirenda anamwalira m'dzinja la 1996, malungo atamulowa m'mutu. Anali telala, ankasoka pakhonde la sitolo ina pa boma la Lundazi, ndipo kwa zaka zambiri ankakhala nyumba imodzi ndi Lucia Banda, mayi wa ku Kasungu, ku Malawi, amene ankagulitsa zitenje ndi usipa pamsika. Mtembo anautengera kwawo ku Magodi pa lole ya fodya. Lucia anakhala kumbuyo kwa lole pambali pa bokosi, atafungatira Thokozani, kamtsikana kamene awiriwa ankalera.

Thokozani sanabadwe kwa Ennie kapena kwa Lucia. Anali mwana wa Ezron, chitsiriza m'banja la a Nyirenda, amene anamwalira motsatizana ndi mkazi wake ndi matenda aja owondetsa amene anthu ankaopa kuwatchula dzina. Mwanayo anali akukwawa pa nthawiyo. Steward, mkulu wa onse m'banjamo, ndiye akanamutenga, koma mkazi wake Linah anati khandalo lingapatsire ana awo matenda, ndipo Steward sanamutsutse. Ennie anabwera kuchokera ku boma, nabereka mwanayo kumbuyo, nkumapita. Tsopano Thokozani anali mu giledi 3, wa masaya onenepa, wodziwa kuwerenga kuposa ana a Steward amene anali aakulu kwa iye. Ennie ankamutcha amama aakulu, Lucia amama aang'ono.

Pamaliro Lucia analowa m'nyumba nakhala kumutu kwa mtembo, pamalo pamene amakhala wamasiye. Analira mpaka mawu anamuthera. Amayi ena a mpingo anayamba kuyang'anana ndi kukodolana. Steward, amene anali mkulu wa mpingo m'deralo, anaziona, ndipo anachita manyazi ngati onse akuyang'ana iye.

Mawa lake achibale anasonkhana pansi pa mtengo wa mango kuti akambe za katundu ndi za mwana. Wotsogolera anali a Manasseh, ang'ono awo a malemu bambo ake a Steward, nkhalamba yofatsa imene inkakonda ng'ombe zake kuposa milandu. Lucia anagwada chapatali nanena kuti makina osokera ndi zonse za m'nyumba atenge, iye sakufuna kanthu. Anangopempha kuti mwana asamuchotse pa sukulu yake ndi pakhomo pamene anakulira. A Manasseh anagwedeza mutu kuvomereza. Ena anati nzoona, mwana wakula bwino, akhale komweko, azibwera patchuthi kudzaona abale.

Apo Steward anaimirira.

“Mwapitako ku nyumba ija inu? Ine ndapitako. Zipinda zilipo ziwili, koma bedi la akulu ndi limodzi. Mayi uyu sanali mnzake chabe wa Ennie. Anali kukhala ngati mwamuna ndi mkazi wake. Mwana wa mng'ono wanga akulile m'zimenezo?”

Iye ankayembekezera kuti anthu adzidzimuka. Palibe anadzidzimuka. A Manasseh anayamba kukanda pansi ndi kamtengo. Amayi anagwetsa nkhope. Lucia sanakane, sanalirenso, anangomuyang'ana Steward m'maso mpaka iye anatembenukira kumbali. Atatembenuka anaona Thokozani ataima pafupi ndi nkhokwe, ali ndi mbale zimene anamutuma kutsuka. Anali atamva zonse.

Nkhani itanenedwa poyera, panalibenso amene akanalimba mtima kumuikira kumbuyo Lucia. Msuweni wawo wina, Haswell, anawonjezera kuti zoterozo ndi mlandu wa kupolisi, ndipo munthuyo ndi mlendo m'dziko muno. Masana omwewo Lucia ananyamula kachikwama kake nayenda wapansi kupita kumsewu. Linah anachita kumugwira Thokozani m'chiuno kuti asamuthamangire.

Anthu atabalalika, a Manasseh anamuitanira Steward kukhola. Anamuuza mosakweza mawu kuti zimene ananenazo aliyense ankazidziwa kalekale. Amayi ake enieni a Steward ankazidziwa, ndipo chaka chilichonse akakolola ankatumiza mtedza ku boma nkunena kuti wina ndi wa NyaBanda, kutanthauza Lucia. “Mlongo wako tamuika dzulo,” anatero. “Lelo wamuvula pamaso pa anthu.” Steward anayankha kuti iye wachita zimene mkulu wa mpingo ayenera kuchita. Koma pobwerera kunyumba anadzera kuseri kwa munda kuti asakumane ndi munthu.

Mawu aja anayenda mwachangu. Pa sukulu ya m'mudzimo ana anayamba kumutcha Thokozani mwana wa akazi awiri. Ankamufunsa kuti pakati pa amayi ake aja, adada anali uti. Kuchitsime amayi ankasiya nkhani akamuona akubwera. Mwana amene anafika wolongolola uja anasanduka wachete. Anayamba kukodza pamphasa, chinthu chimene sanachitepo kuyambira ali wamng'ono, ndipo Linah ankayanika mphasayo poyera kuti achite manyazi asiye. Mphunzitsi wake anakumana ndi Steward panjira namuuza kuti mwanayu ankakhala kumbuyo kwa kalasi osalemba kanthu, chonsecho mabuku amene anabwera nawo kuchokera ku boma anali odzaza ndi zochonga zofiira.

Steward sanali munthu wankhanza. Anamugulira nsapato, anamuletsa Linah kumupatsa ntchito zolemetsa. Koma ankalephera kukhala naye pafupi. Mwanayo anali ndi kayendedwe ka Ennie ndi kalankhulidwe ka Lucia, ka ku Kasungu, ndipo akatsegula pakamwa Steward ankakumbukira mtengo wa mango uja.

Tsiku lina m'nyengo yokolola chimanga, Steward akuchokera kumunda anapeza phokoso pabwalo. Thokozani anali atamuluma pamkono Chrissy, mwana wamkazi wa Steward, mpaka kutuluka magazi. Atafunsa chifukwa, Chrissy anati iye anangonena zimene adada ananena, kuti ankhazi Ennie, azakhali akewo, anali munthu wonyansa. Steward anathyola kamkwapulo namuitanira Thokozani kuseri kwa nyumba.

Mwanayo sanathawe. Anaima manja ali kumbuyo nafunsa, “Adada, amama aakulu analakwa chiyani?”

Steward anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Mawu a mu tchalitchi anali nawo ambiri, koma palibe amene akanatha kumuuza mwana amene Ennie anamubereka kumbuyo tsiku limene iye, Steward, anamukana. Thokozani anadikira, kenaka anapitiriza yekha. Anati akadwala, amama aang'ono ankagona naye pansi, amama aakulu nkumuphikira phala la mtedza. Anati sanawaonepo akumenyana ngati mmene amachitira anthu ena. Anafunsa ngati kulakwako kunali kumutenga iye.

Steward anataya kamkwapulo kaja. Anamuuza kuti akasambe m'manja adye, iye nalowa m'nyumba, ndipo sanatulukenso mpaka ng'ombe zitabwerera.

Sabata yotsatira anapalasa njinga kupita ku boma. Pamsika malo a Lucia anawapeza ali ndi munthu wina wogulitsa tomato. Mayiyo anamuuza, akumuyang'ana kuyambira kumapazi, kuti NyaBanda anasiya kubwera chifukwa anthu analeka kumugula, ndipo ku Umanyano, bungwe la amayi a mpingo, anamuuza kuti ayambe wapuma. Anawonjezera kuti nkhaniyo inachokera ku Magodi, kwa mlongo wake wa malemu. Steward sanadzitchule kuti ndi yani.

Steward anamupeza Lucia pakhonde la nyumba ija akumanga miphika m'thumba. Anali ataonda. Anayankhana moni wa Chitumbuka mwamwambo, ndipo Lucia anamupatsa mpando, iye nakhala pansi. Steward anayamba ndi za mvula ndi za chimanga. Lucia anamudula nafunsa ngati mwana akudya. Steward anafotokoza zonse, za mphasa, za sukulu, za kuluma, maso ali pa matayala a njinga yake. Pomaliza anati mwina ndi bwino mwanayo abwerere.

“Abwerere kuti?” anafunsa Lucia. “Mwini nyumba wandiuza kuti ndituluke. Pano palibe amene angandigule ngakhale mulu umodzi wa usipa. Ndikupita kwathu. Ndipo mukandipatsa lero kumbali, mawa a Haswell abwera ndi apolisi kuti ndaba mwana. Ine ndilibe dzina pa mwana ameneyu, bambo. Ndamulera chabe. Ngati mukundipatsa, mukanene pamaso pa anthu omwe aja.”

Steward anapempha ngati sizingatheke kuti a Manasseh okha adziwe. Lucia anati ayi.

Steward anazengereza mpaka chimanga chonse chitalowa m'nkhokwe. Linah anamuuza kuti akachita zimenezo ukulu wa mpingo uthera pomwepo, ndipo anthu adzati a Nyirenda agulitsa magazi awo ku Malawi. Koma Linah yemweyo anali atatopa ndi kuchapa, ndipo tsiku lina anamupeza Thokozani akuyenda yekha pamsewu wa ku boma, kutali ndi mudzi, atanyamula mabuku ake. Kuyambira apo sanatsutsenso.

Achibale anasonkhananso, ochepa kuposa poyamba. Lucia anabwera nakhala kumapeto kwa mphasa ya amayi, ndipo amene anali pafupi naye anasendera. Steward anaimirira, chipewa chili m'manja. Sananene kuti zimene ananena zija zinali zabodza, pakuti sizinali zabodza. Anati mwana wa Ezron iye anamukana ali khanda, ndipo amene anamusunga ndi moyo ndi Ennie ndi mayi ali apayu. Anati iye wamuyesa mwanayo pakhomo pake ndipo akufota. Anapempha kuti abale alole apite ndi amene anamulera. Mawu ankatuluka movuta, ndipo kawiri konse a Manasseh anamuuza kuti akweze, anthu sakumva.

Haswell anaseka nafunsa ngati bedi lija tsopano lasanduka awiri. Ena anaseka naye. A Manasseh anati mwana ndi wa a Nyirenda ndipo adzakhala wa a Nyirenda, koma akakulire kwa NyaBanda, ndipo wina aliyense wopita kupolisi adzayambe wadzera kwa iwo. Haswell anadzuka nachoka. Lamulungu lotsatira Steward anauzidwa kuti ayambe wakhala kumbuyo m'tchalitchi kufikira akulu anzake atakambirana za iye.

Steward anawaperekeza yekha Lucia ndi Thokozani m'mawa wina wa chisanu, kudzera njira ya ku Mwase imene amalonda ankadutsa popita ku Kasungu. Katundu anamumanga pa njinga, iye akukankha. Thokozani anayenda atagwira chitenje cha Lucia njira yonse, ndipo kwa nthawi yoyamba kuchokera pamaliro Steward anamumva akulongolola, akufotokoza za ng'ombe ya a Manasseh imene inabala mwana wamawanga. Sanali kuuza iye.

Atafika pamene mnyamata wa mlongo wake wa Lucia ankawadikira ndi ngolo, anatsitsa katundu. Steward anafunsa ngati kumeneko sukulu ili pafupi. Lucia anati ilipo, ndipo mwanayo akayamba sabata yamawa, kungoti akamubweza kalasi imodzi chifukwa maphunziro ndi osiyana. Anati patchuthi cha Khirisimasi adzabwera naye kudzaona manda a Ennie, ngati kumudziko adzawalola kufika. Steward anati adzawalola, ngakhale sanadziwe ngati mawu ake akadali ndi mphamvu m'mudzimo.

Lucia anamukankha mwanayo pang'ono kuti atsanzike. Thokozani anagwada monga anaphunzitsidwira, nati, “Khalani makola, adada,” nakwera ngolo. Steward anayankha kuti ayende bwino. Anadikira mpaka ngolo italowa m'mitengo, kenaka anatembenuza njinga. Pofika pafupi ndi Magodi dzuwa linali litapendeka, ndipo pa sitolo ya pamphambano panali amuna akusewera nsolo. Anatsika njinga, nawapatsa moni mmodzimmodzi. Awiri anayankha.