Nkhadze za ku Mchengautuwa

Tsiku lomaliza limene Boniface anaona bambo ake ali moyo, anakangana nawo pa nkhani ya kumanda. Unali m'mawa wa chifunga, monga umakhalira m'mawa wa ku Mzuzu, ndipo iye anali atanyamula kale sutikesi kuthamangira basi ya ku Zomba, kumene ankaphunzira pa koleji. Bambo akewo, a Fyson, anaima pakhomo atavala chijasi chawo cha ulonda, akutsokomola.

"Tiye ndikakuonetse pamene anagona amayi ako. Si patali. Basi sikusiya ayi."

"Basi imasiya munthu, bambo. Manda ndi amene sathawa. Tidzapita ndikadzabwera pa holide."

"Kuno manda amathawa," anatero a Fyson.

Boniface anaseka, nawagwira dzanja, n'kumapita. Atafika pokhota anacheuka. Chifunga chinali chitawameza kuyambira m'chiuno kutsika, moti ankaoneka ngati munthu amene waima m'madzi.

Chibayo chinawatenga mvula ili pakati. Uthenga unafika mochedwa ku Zomba, ndipo pamene iye ankatsika basi, anthu a mpingo anali atawaika kale kumanda atsopano a m'tauni. Anabwerera ku koleji, koma mutu unakana. M'kalasi mphunzitsi ankajambula pabolodi mmene matauni amakulira, mizere yozungulira ngati ya padziwe ukaponyapo mwala. Anzake ankakopera. Iye ankangoganiza kuti pansi pa mzere umodzi wotero pagona mayi wake, ndipo munthu yekhayo amene akanamulozera malowo anamusiya pakhomo chifukwa cha basi. Teremu isanathe analongedza, nabwerera ku Mchengautuwa, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene inali ikununkhabe fodya wa bambo ake.

Amayi akewo, a Winifred, sankawakumbukira nkhope. Anamwalira iye akadali wa kumsana. Masiku amenewo kuno kunalibe tauni yoti n'kuitchula. Kunali esiteti ya mitengo ya tung, ija ya mbewu zoyenga mafuta, ndipo a Fyson anachoka kwawo ku Ntcheu kudzagwira ntchito kumeneko. Maliro atachitika, mvula inali itadula misewu, ndiye zonyamula thupi kupita kumudzi zinalephereka. Antchito ochokera kutali anali ndi timanda tawo kumapeto kwa esiteti, topanda simenti, topanda dzina. Mwambo wawo unali umodzi: akakwirira munthu, ankathyola nthambi ya nkhadze n'kuizika kumutu. Nkhadze siifa, mbuzi siziidya, ndipo sifuna woithirira.

Koma nkhadze ili ndi khalidwe linanso: ukangoibaya pansi, yaphuka. Esiteti itatha ndipo mitengo itadulidwa, anthu anayamba kufika. Anachokera ku Rumphi, ku Karonga, ku Chitipa, ena ku Mangochi ndi malonda awo. Mitumbira inali itasalala kale ndi mvula. Munthu akapeza malo n'kuumba njerwa, ankafuna mpanda. Ndiye ankayang'ana uku ndi uku, n'kuona tchire la nkhadze lokongola, n'kuthyolako. Woyandikana naye ankathyola kwa iyeyo, winanso kwa winayo. Pofika chaka chimene Boniface anabwerera, dera lonselo linali nkhadze zokhazokha, mipanda yobiriwira yopingasana ngati ukonde. Chizindikiro cha akufa chinali chitasanduka malire a amoyo.

Iye anayamba kufufuza. M'mawa uliwonse ankayenda m'tinjira ta pakati pa nyumba, akuyang'ana matsinde, kufuna lokalamba kuposa onse. Nthawi zina m'chifungamo ankaona munthu wa chijasi ataima patsogolo, nathamanga, n'kupeza kuti ndi thumba la makala limene wina waimika pampanda. Nthawi zina ankamva khasu likugunda pansi, gu, gu, kuseri kwa mpanda, koma akazungulira ankapeza nkhuku zokha. Akathyola kanthambi mwangozi, utomoni woyera unkatuluka n'kumuyenderera m'dzanja ngati mkaka, ndipo ankaupukutira m'buluku msangamsanga.

Mvula itatha kunabwera zikhomo. Anthu a misewu anazikhoma m'mizere iwiri, mitu yake yopakidwa utoto wofiira, kuchokera kumsika mpaka kudambo. Tcheyamani wa chipani m'deralo, a Blackson, anaitanitsa msonkhano pabwalo.

"Tauni yathu ikukhala mzinda chaka chino," anatero, akugwedeza ndodo. "Mzinda suyenda m'tinjira ta mbewa. Msewu ukubwera. Tiombe m'manja!"

Anthu anaomba. Boniface anakweza dzanja.

"Pepani a tcheyamani. Kodi msewuwo sudutsa pa manda akale a pa esiteti?"

Pabwalo panangoti zii. Amayi ena anayamba kukonza zitenje zawo. Bambo wina anawerama kumanga chingwe cha nsapato yomanga kale.

"Manda ati?" anafunsa a Blackson. "Iwe ndiwe uja wathawa sukulu ku Zomba? Kuno kulibe manda. Amene akuona manda pamene anzake akuona chitukuko, ameneyo tidzafuna kudziwa kuti maso akewo anamubwereka ndani."

Aliyense ankadziwa kumene mawu otero amathera. Palibe amene anayenda naye limodzi pobwerera.

Koma kapitawo wa anthu a misewu, a Goodwell, anamupeza tsiku lotsatira ali chiimire pa chikhomo china. Anali munthu wamfupi, wa chipewa chansalu, wolankhula motsitsa.

"Ndinakumva dzulo, achimwene. Ine ndine mkulu wa mpingo, sindiponda akufa. Ukandionetsa manda enieni, pamalo pake penipeni, msewu ndiukhotetsa. Za a tcheyamani undisiyire. Koma zoti mwina ndi apa, mwina ndi apo, ayi. Makina akubwera Lolemba."

Mwa anthu a pa esiteti amene anali pa maliro a amayi ake aja, anatsala mmodzi yekha: a Keziya, mayi wachiTumbuka amene ankakazinga zitumbuwa pafupi ndi mzere wa zikhomo. Boniface anali atawafunsapo kale, iwo n'kumuuza kuti ukalamba unawadya mutu. Tsopano anapitanso. Anawapeza pakhonde, chiwaya chili pamoto.

"Monire, amama."

"Yewo. Wabweranso, mwana wa Fyson? Waonda chomene. Ku Zomba amakudyetsani mabuku?"

"Amama, ndionetseni."

"Tenga chitumbuwa."

"Sindinabwerere chitumbuwa."

"Ndiye wabwera pa nyumba yolakwika. Pano timagulitsa zitumbuwa, manda sitigulitsa."

"Bambo ankabwera kuno chaka chilichonse mvula ikatha. Ndinkaona ngati amadzakuonani inuyo."

"Ine? Ndi nkhope iyi?" A Keziya anaseka mpaka kutsokomola. "Fyson ankakhala pa mpando umenewo, kumwa tiyi wanga, maso ali kwina. Mwamuna wanga, mzimu wake uuse, ankachita nsanje. Ine ndinkati, adada, musavutike, mnzanu akuchezera mkazi wake."

Atazindikira zimene ananena, anatseka pakamwa. Kenaka anaphula chiwaya chija, napukuta manja.

"Tiye. Koma ukaona, umve kaye zonse."

Sanayende mtunda. Kuseri kwa khitchini yawo, pamene mipanda itatu inkakumana, panali nkhadze ya tsinde lalikulu ngati ntchafu ya munthu, khungwa lake lotuwa ndi long'aluka. Boniface anali atadutsapo kangapo, koma nthambi zazing'ono zinkaibisa. Chikhomo chofiira china chinali kumanja kwake, china kumanzere. Nkhadzeyo inali pakati penipeni pa msewu.

"Ndinazika ndine," anatero a Keziya. "Fyson sakanatha. Iwe unali kumsana kwanga, ukulira njala. Mutu uli apa, miyendo yaloza uko."

Boniface anagwada. Dothi linali lolimba, losesedwa bwino. Anayembekeza kuti alira, koma misozi sinabwere. Anangomva kuzizira kukukwera kuchokera m'mawondo, ngati pansipo pali wina amene akupuma.

"Mpanda wangawu ndinathyola pomwepa," anapitiriza mayiwo. "Ndinati Winifred sangandikanize, anali mnzanga. Ena onse anathyola kwa ine. Ukaona Mchengautuwa yense wabiriwira, ndi amayi ako amenewo."

"Nanga munandibisiranji?"

"Imirira. Yang'ana kumanjaku. Nyumba iyo ndi ya a Maliamu, mayi wamasiye, ndi kagolosale kawo. Iyo ndi ya aphunzitsi opuma. Iyi ndi yanga. Kumanzereku ndi dambo, makina angatitimire. Ndamva za kapitawo wakoyo; akakhotetsa msewu, aukhotetsera kuti?"

Boniface anayang'ana. Sipankafunika sukulu kuti munthu aone.

"Ndipo si zokhazo. Ukangoti apa pali manda, adzafunsa kuti ena ali kuti. Ali pansi pa makhitchini athu, mwana wane. Ali pansi pa mabedi. Adzati dera lonseli ndi la kumanda, anthu asamuke. Ukuganiza kuti aja anakhala chete pabwalo sadziwa? Amadziwa chomene. Amene anakumba chimbudzi n'kupeza mbale yosweka ya pamanda anakwirira, n'kukakumba pena, osauza ngakhale mkazi wake."

"Ndiye amayi anga magalimoto aziwaponda?"

"Ine sindinatero."

"Mwatero."

"Ndati umve zonse. Wamva. Pakamwa ndi pako." Anatembenuka, kenaka anaimanso. "Fyson akanakhala moyo, sindikudziwa akanatani. Usandifunse. Nanenso usiku sindigona."

Masiku otsalawo Boniface sanapite kwina. Ankabwera m'mawa n'kukhala pansi pa nkhadzeyo. Anazula tiudzu, nasesa ndi manja. Ankafuna kulankhula nawo amayi akewo, koma sankadziwa mawu oyambira, pakuti munthu umamuuza chiyani amene sukumbukira ngakhale liwu lake? Anayesa kuwakwiyira a Keziya, mkwiyowo n'kuzima. Anayesa kukwiyira a Blackson, tauni, anthu onse obwera amene anamanga pa akufa a eni, koma kuseri kwa mpanda a Maliamu ankatsuka mbale akuimba motsitsa, ndipo utsi wa nyumba zonse zitatu unkakwera mwakachetechete. Mkwiyo wokhawo umene unakhalitsa unali wa pa iye mwini. Zengerezu analinda kwawukwawu. Akanabwera tsiku lija, akanaima pano ndi bambo ake, ndipo katunduyu akanasenza awiri.

Anaganizapo zofukula. Koma kufukula kumafuna chilolezo, chilolezo chimafuna kutchula manda, ndipo kutchula manda kunali komweko kumene a Keziya ankaopa. Njira iliyonse imene ankailondola inkabwerera pa tsinde lomwelo.

Lolemba kunacha ndi kamvula kowaza. Makina anamveka asanaoneke, kulira kwake kukugwedeza malata. Chinali chigalimoto chachikasu cha mpeni waukulu kutsogolo, ndipo mipanda inkagwa pamaso pake ngati mapesi. Fungo la utomoni linadzaza mpweya, anthu n'kumaphimba maso ndi nsalu poopa kuti ungawachititse khungu. A Blackson anaima patali ndi ambulera. Anthu a m'deralo anaima m'makomo mwawo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ankayang'ana makinawo. Onse ankayang'ana Boniface.

A Goodwell anakweza dzanja, makina n'kuima. Anayenda mpaka pamene mnyamatayo anaima, dzanja lake lili pa khungwa la nkhadze. Anaona dothi losesedwa lija. Anaona mawondo a buluku lake, ofiira ndi dothi.

"Achimwene, ndi pano?"

Boniface anamva kuzizira kuja kukukweranso m'miyendo. Anacheukira kumanja. A Maliamu anali atatulutsa kale katundu wina panja, mphika ndi mphasa yokulunga, osadziwa kuti zitha bwanji. A Keziya anaima pakhomo la khitchini, manja ali kumbuyo, nkhope ili gwa ngati mwala. Sanamupemphe kanthu ngakhale ndi maso.

"Ndakufunsa, achimwene. Ukangoti inde, ine ndibweza makina."

Anachotsa dzanja pa mtengowo pang'onopang'ono, ngati mmene umachotsera dzanja pa munthu amene wagona kuti usamudzutse.

"Ayi, a kapitawo. Ndinalakwitsa. Ndi mpanda chabe."

A Goodwell anamuyang'ana, nayang'ananso dothi lija. Kenaka anavula chipewa, nachigwira pachifuwa, milomo ikuyenda popanda mawu. Atachivalanso anabwerera m'mbuyo, nakodola woyendetsa makina.

Boniface sanachoke. Anapatuka pang'ono, naima kunja kwa chikhomo chofiira, ndipo anaona zonse mpaka pamapeto.

Linali tsiku la 19 Ogasiti, 1985.