Fetereza wa a Kalekeni

A Kalekeni anali atapuma ntchito ya uhedimasitala zaka zisanu m'mbuyomo, koma ku Kapelula palibe amene anaona kusiyana kwake. Ankakonzabe Chingerezi cha anthu ngakhale pamaliro, ndipo popita kukathyola fodya ankasomeka cholembera m'thumba la malaya.

Anthu a ku banki atabwera kutchalitchi kudzachenjeza alimi za akuba a pa foni, a Kalekeni sanadikire kupemphedwa. Anaimirira n'kubwereza zonse zimene alendowo anali atanena kale: kuti banki sifunsa nambala yachinsinsi pa foni, ndiponso kuti uthenga wolonjeza zaulere ndi wongofufuta. Anamaliza ndi mawu akuti oberedwa mwa njira imeneyi ndi anthu amene anathawa sukulu. Amayi ena anangoyang'ana pansi.

Mu Novembala mayina a olandira fetereza wotsika mtengo anatuluka, koma lawo munalibe. Zinawawawa kwambiri kuona Samsoni wa nyumba yoyandikana nawo, munthu wosaina ndi chala, akukankha matumba awiri pa njinga uku akuimba mluzu.

Lachiwiri masana pa foni pawo panalowa uthenga wa Chingerezi. Unkati asankhidwa m'gulu la alimi olemekezeka, ndipo aimbe pa nambala ina msanga. Anapezamo mawu atatu olembedwa molakwika, choncho anaimba makamaka kuti awadzudzule eni akewo. Woyankhayo anapepesa mwaulemu, n'kunena kuti dziko lino likusowa anthu ngati iwo. Anati munthu wotere sayenera kuima pa mzere kudepoti pamodzi ndi wina aliyense, ndipo matumba khumi a fetereza adzafika pakhomo Lachinayi pa lole. Chongofunika chinali nambala ya akaunti yolandirira ndalama za fodya, nambala yachinsinsi, ndi manambala ena amene alowe pa foni posachedwa.

Akazi awo, a Ezelina, omwe ankasenda mtedza pakhonde, anafunsa ngati izi sizinali zomwe zija ankanena a ku banki. A Kalekeni anawagwedezera dzanja kuti akhale chete. Anawerenga manambalawo mokweza, pang'onopang'ono, kawiri konse, ngati akulembetsa ana a Sitandade 2.

Lachinayi anasesetsa chigafa, anavala taye, n'kuika mpando m'mbali mwa msewu. Aliyense wodutsa anauzidwa za loleyo. Tsiku lonse kunangodutsa ngolo ziwiri ndi wogulitsa usipa. Atayesa kuimba, nambala ija sinkapezekanso.

M'mawa mwake anapita ndi a Ezelina ku Kasungu pa boma. Mtsikana wa pa desiki ku banki, Feggie, anayang'ana pa kompyuta nthawi yaitali. Kenako anawauza motsitsa mawu kuti ndalama za fodya zinatuluka Lachiwiri lomwelo. Anatseka akauntiyo kuti penshoni ya mwezi umenewo isalowere komweko, n'kufunsa ngati panali munthu amene anauzidwa nambala yachinsinsi.

A Kalekeni anatsokomola pang'ono. Anati nthawi zina foni imakhala ndi mayi akunyumbawa, omwe zinthu zamakono sazidziwa bwino.

"Ine foni yanuyo ndinaigwira liti?" anatero a Ezelina, osakweza mawu. "Mumalowa nayo ndi kubafa komwe. Manambalawo munawerenga nokha, mpaka nkhuku zinamva."

Anthu amene anali pa mzere anatembenuka. Feggie anawerama n'kumalemba, milomo atailuma. Anawalangiza kuti akanene kupolisi, koma sanawalonjeze kanthu.

Ndalamazo sizinabwerere. A Kalekeni anagulitsa mbuzi ziwiri, anagula thumba limodzi kwa mavenda, n'kulisakaniza ndi ndowe, phulusa ndi gaga. Kuyambira pamenepo ankaphunzitsa aliyense amene waima pafupi nawo kuti fetereza wambiri amawononga nthaka, ndipo mlimi wozindikira amadalira manyowa.

Chaka chotsatira fodya anagulitsidwa m'dzina la a Ezelina, omwe anakatsegula akaunti yawoyawo. A Kalekeni anawafunsa nambala yachinsinsi kangapo konse, ati n'cholinga chowasungira, koma a Ezelina ankangoyankha kuti aiwala.